Makadi a tarot anandiliza, tsopano akundiopseza: kodi ndipitirize?

Mayi wina watilembera za tarot, makadi okhala ndi zithunzi amene anthu ena amaombezera maula, motere:

"Banja langa linatha zaka ziwiri zapitazo. Anthu amati ndinalimba mtima, koma zoona zake n'zakuti sindinalirepo. Mnzanga wa kuntchito anandipatsa makadi a tarot, nati iye amamuthandiza kuganizira za moyo wake. Tsiku loyamba ndinatulutsa khadi la munthu wovala zakuda, ataima chowerama, zikho zitatu zitagubuduka patsogolo pake. Ndinalira usiku wonse, koma m'mawa ndinadzuka mtima utapepuka. Kuyambira pamenepo ndimatulutsa khadi usiku uliwonse. Sabata yatha ndinatulutsa la Imfa, mawa lake la Nsanja yowombedwa ndi mphenzi. Tulo tandithawa. Tsopano ndimangosakaniza n'kutulutsa lina, kenako lina, mpaka nditapeza labwino. Ndayambanso kufunsa makadiwa ngati bambo a ana anga amandiganizirabe. Kodi zinthuzi zingachiritsedi mtima, kapena ndadziika m'mavuto? Ndine munthu wopemphera, choncho chikumbumtima nachonso sichikundipatsa mtendere."

Mayi, zikomo polemba mosabisa mawu. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Palibe munthu amene amwalire, palibenso nyumba imene igwe, chifukwa cha makadi awiri aja. M'paketi muli makadi 78, ndipo la Imfa ndi limodzi mwa iwo. Munthu akamasakaniza bwino n'kutulutsa limodzi usiku uliwonse, pomatha miyezi iwiri mwayi woti wakumana nalo kale umakhala utapitirira theka. Ndi masamu chabe. Mukanamaliza chaka chathunthu osaliona, zimenezo ndiye zikanakhala zodabwitsa.

Ine ntchito yanga ndi uphungu, kukhala pansi ndi anthu amene mitima yawo yavulala. Sindine woombeza, ndipo sindikhulupirira kuti pepala losindikizidwa kufakitale limadziwa za mawa. Komabe pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi ndaonapo zithunzi, za tarot zomwe, zikulankhulitsa anthu amene mafunso anga anawakanika. Choncho sindinena kuti misozi yanu ija inali yachabe. Inali yeniyeni, ndipo inakuthandizani. Koma pakati penapake njira yanu yakhota, ndipo ndikufuna tione pamene yakhoterapo.

Chinthu chikamaoneka chachinsinsi, mantha amakula, ndiye ndi bwino mudziwe kumene makadiwa anachokera. Anayambira kumpoto kwa Italy cha m'ma 1440, m'mizinda ngati Milan ndi Ferrara, ndipo anali a masewera. Mabanja olamulira, monga a Visconti ndi a Sforza, ankalipira amisiri kuti awajambulire makadi opaka golide. Anthu ankasewera, wina n'kupambana, wina n'kuluza, basi. Zinali choncho kwa zaka pafupifupi 300, ndipo ku France ndi ku Austria amasewerabe mpaka lero. Nkhani yoti muli nzeru zobisika inafala mu 1781, pamene wolemba mabuku wina ku France, Antoine Court de Gébelin, analemba kuti makadiwa anachokera kwa ansembe akale a ku Egypt. Umboni analibe, ndipo nthawi imeneyo panalibe ndi mmodzi yemwe wotha kuwerenga zilembo zakale za ku Egypt, poti katswiri wa ku France, Champollion, anadzatulukira kawerengedwe kake mu 1822. Koma nkhani yokoma imayenda msanga kuposa yoona, ndipo pasanapite nthawi anthu a ku Paris anayamba kulipira kuti awaombezere ndi makadiwa.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, paketi yanu ndi ya mtundu uja unatuluka ku London mu 1909. Anajambula ndi Pamela Colman Smith, motsatira malangizo a Arthur Edward Waite. Muli makadi akuluakulu 22, monga Imfa, Nsanja ndi Nyenyezi, komanso ena 56 ogawidwa m'magulu anayi: zikho, malupanga, ndodo ndi ndalama. M'mapaketi ambiri akale, khadi la zikho zisanu, lomwe ndi lija munatulutsa tsiku loyamba, linkangokhala ndi zikho zisanu zondandalikidwa, popanda munthu. Smith ndiye anaika anthu ndi zochitika pa makadi ang'onoang'onowa, ndipo poti ankagwirako ntchito yokonza zovala ndi mabwalo a zisudzo, khadi lililonse limaoneka ngati sewero limene laimitsidwa pakati. Munthu wa zakuda amene anakulizani uja anachokera m'dzanja la mayi wa zaka 31, wodziwa mmene thupi la munthu wachisoni limaimira.

Tsono n'chifukwa chiyani munalira? Chithunzi chija chilibe nkhani. Sichinena kuti munthuyo ndi ndani, zikhozo anagwetsa ndani, munali chiyani. Mutu wa munthu sukonda nkhani yosamalizika, ndiye umaimaliza wokha, ndipo zomalizira umazitenga m'nkhokwe yake. Akatswiri a za maganizo anazindikira kale zimenezi. Mu 1935 Christiana Morgan ndi Henry Murray, ku yunivesite ya Harvard, anafalitsa njira yoonetsa munthu zithunzi zosamveka bwino n'kumupempha kuti asimbe nthano: chachitika n'chiyani, anthuwa akumva bwanji, zitha bwanji. Akatswiri amatsutsanabe ngati njira zotere n'zodalirika poyezera matenda a maganizo, ndipo ine sindingayeze nazo munthu. Koma poyambitsira nkhani zimagwira ntchito, pa chifukwa chosavuta kumva: kunena kuti "munthu uyu wataya zonse" n'kopepuka kusiyana ndi kunena kuti "ine ndataya zonse". Chisoni chimabwereka chovala cha munthu wa pachithunzi, n'kudutsa pakhomo pamene chikanabwezedwa chikanabwera ndi nkhope yanu.

Tiyeni tikhalitse pang'ono pa khadi limeneli, chifukwa ndilo lagwira mtima wa nkhani yanu. Munthuyo watipatsa msana, nkhope yake sioneka bwino. Zikho zitatu zagwa ndipo zam'kati zatayikira pansi. Kumbuyo kwake kuli zikho ziwiri zoimirira. Chapatali pali mtsinje, mlatho, ndi nyumba tsidya lina. Ndaonetsapo chithunzi chimenechi kwa anthu osiyanasiyana. Bambo wina anati ndi chidakwa chimene chikuchita manyazi, ndipo tinathera ola lonse tikukamba za bambo ake omubereka. Mtsikana wina zikho sanazitchule n'komwe, iye maso anali pa mlatho, akufunsa chifukwa chake munthuyo sakuwoloka. Chithunzi chimodzimodzi, koma aliyense anatolapo chake.

Timabuku tofotokoza matanthauzo timathamangira ku zikho ziwiri zija: tembenuka, ona zimene zakutsalira. Ine malangizo amenewo sindiwakonda akabwera msanga, makamaka kwa munthu ngati inu. Inu zikho ziwirizo mwakhala mukuzinyamula zaka ziwiri: ana, ntchito, kumwetulira pagulu. Anthu anakuuzani kuti madzi akatayika saoleka, inu n'kuvomera, n'kupitirira osacheuka. Mawuwo ndi oona, koma kawirikawiri amanenedwa pofuna kuti wolira atonthole msanga. Chimene simunapatsidwe ndi mpata woima chowerama n'kuyang'ana zitatu zimene zinagwazo. Khadi lija linakuonetsani munthu akuchita zomwezo popanda womukoka dzanja, ndipo mtima wanu unati, kani n'zololedwa.

Kupepukidwa kumene munamva m'mawa mwake kuli ndi maziko. Mu 2007 Matthew Lieberman ndi anzake ku yunivesite ya California ku Los Angeles anapeza kuti munthu akatchula dzina la zimene akuona pankhope yokwiya kapena yamantha, kachigawo ka ubongo kamene kamaliza belu la ngozi, amygdala, kamatsika mphamvu. Kale mu 1986 James Pennebaker anali atapempha ophunzira kuti alembe za zowawa zawo kwa mphindi 15 tsiku lililonse, masiku anayi, ndipo m'miyezi yotsatira iwo sanapite kuchipatala kawirikawiri ngati anzawo amene analemba zinthu wamba. Kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti phindu lake si lalikulu kwambiri ndipo si la aliyense, koma lilipo. Onani kuti m'zonsezi chimene chikugwira ntchito ndi kutchula ndi kusimba. Khadi linangokupatsani poyambira.

Nanga la Imfa? Liyang'anitsitseni masana. Ndi la nambala 13: chigoba cha mafupa chovala zankhondo chili pa hatchi yoyera, chanyamula mbendera yakuda yokhala ndi duwa loyera. Mfumu yagona pansi, chisoti chake chagwa. Pali mwana, mtsikana, ndi bishopu. Kumbuyo kwenikweni, pakati pa nsanja ziwiri, kuli dzuwa. Zithunzi za imfa yosasankha mfumu kapena wosauka zinali ponseponse ku Ulaya utadutsa mliri waukulu wa mu 1347 mpaka 1351, choncho kupezeka kwake pa makadi a masewera sikunali kwachilendo. Ngakhale anthu okonda tarot, ambiri amaliwerenga ngati kutha kwa chinthu, osati maliro. Funso limene ndikanakufunsani mukanakhala pampando uli patsogolo pangawu ndi ili: ndi chiyani chinatha kale chimene mukuchisungirabe malo?

La Nsanja, nambala 16, lili ndi mphenzi, moto m'mawindo, chisoti chachifumu chikuuluka kuchoka padenga, anthu awiri akugwa chamutu. Mayi, anthu awiri kugwa kuchoka m'nyumba imene ankaiyesa yolimba: kodi zimenezi ndi za mawa, kapena za zaka ziwiri zapitazo? Mantha amaloza kutsogolo, koma nthawi zambiri bala limene likuwadyetsa lili kumbuyo.

Apa ndi pamene njira yakhota. Usiku woyamba funso lanu linali lakuti, ndikumva chiyani? Yankho lake lili mwa inu, choncho chithunzi chinatha kukuthandizani kulipeza. Tsopano mafunso asanduka awiri ena: kudzachitika chiyani, ndipo mumtima mwa bambo aja muli chiyani? Mayankho a amenewa mulibe mwa inu, mulibenso m'makadi. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo za mumtima mwa munthu wina amadziwa ndi mwini wake. Mukafunsa pepala zinthu zotere, chimene chimakuyankhani ndi mantha anu kapena chikhumbo chanu, chitavala ngati uthenga wochokera kwina.

Chizolowezi chotulutsa lina mpaka labwino litapezeka ndicho chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu. Chimayenda motere: nkhawa yakwera, mwatulutsa khadi lowala, nkhawa yatsika kwa mphindi zochepa. Ubongo waphunzirapo kuti mtendere umabwera ndi khadi. Mawa nkhawa ikabwera imafuna khadi msanga, ndipo limodzi silikwananso. N'chimodzimodzi munthu wobwerera kasanu kukaona ngati wakhoma chitseko: kuonako kumamutonthoza pang'ono, koma ndi komwenso kukuweta kukayikira kwake. Palinso kusiyana pakati pa kusinkhasinkha ndi kubwereza maganizo omwewomwewo. Katswiri wa za maganizo Susan Nolen-Hoeksema anathera zaka zambiri akufufuza za kubwerezaku, ndipo anapeza kuti kumatalikitsa ndi kukulitsa kukhumudwa. Posiyanitsa, ingodzifunsani mukamaliza: kodi ndadziwa kanthu kamene sindinkadziwa, kapena ndangozungulira pomwepo n'kutopa?

Mwina munena kuti, koma nthawi zina makadi amalondola ndithu. Mu 1948 mphunzitsi wa za maganizo, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake 39 mapepala amene aliyense ankayesa kuti akufotokoza khalidwe lake yekha. Atawapempha kuti apereke malikisi kuyambira 0 mpaka 5 posonyeza mmene pepalalo lalondolera, pakatikati pake anapereka pafupifupi 4.3. Kenako anawaululira kuti onse analandira mawu ofanana, otengedwa m'kabuku ka zanyenyezi. Matanthauzo a m'timabuku ta tarot ndi otakasuka chomwecho, amakwana aliyense. Kuwonjezera apo timakumbukira tsiku limene zinagwirizana, n'kuiwala masiku khumi amene sizinagwirizane. Ndipo ndichenjezeretu: pa intaneti pali anthu osaka mitima yosweka. Wina akadzakuuzani kuti waona tsoka kapena temberero, ndipo angalichotse kapena kukubwezerani mwamuna mukalipira, musamuyankhe n'komwe. Ndalama yoyamba siikhala yomaliza.

Tsono muchite chiyani? Choyamba, ikani paketiyo patali kwa masabata awiri athunthu. Masiku oyambirira nkhawa idzakwera, manja adzayabwa. Ilekeni ikwere, imatsika yokha, ndipo thupi lanu likufunika kuona zimenezo ndi maso. Mukalephera kupirira ngakhale masiku atatu, chimenecho ndi chizindikiro choti mupeze mlangizi.

Mukadzafuna kubwererako, sinthani kachitidwe. Musatulutsenso khadi musanaone chithunzi chake. Yalani makadi poyera, zithunzi zikuoneka, n'kusankha nokha limene likufanana ndi mmene mulili tsiku limenelo. Kusintha kochepaku kumachotsa maula onse, chifukwa palibenso chimene "chakutulukirani", mwasankha ndinu. Chitani masana, osati pogona, kamodzi kapena kawiri pa sabata, osapitirira mphindi 20, muli ndi kope ndi cholembera. Kabuku ka matanthauzo kakhale kotseka. Yambani ndi kulemba zimene maso akuona basi: anthu angati, ayang'ana kuti, manja awo ali pati, kumwamba kuli bwanji. Anthu ambiri amadumpha apa, komatu chimene diso lanu layamba kuona, ndi chimene lachilambalala, zonse zimanena kanthu. Mukatero simbani nthano ya munthu wa pachithunziyo, zimene zinachitika chithunzichi chisanajambulidwe ndi zimene akufuna kunena koma sakunena. Kenako werengani zimene mwalemba, n'kudula mzere pansi pa chiganizo chilichonse chimene chikunena za inu. Imvani pamene thupi lagwira, kaya pakhosi, pachifuwa kapena m'mimba, ndipo chimene mukumvacho chipatseni dzina lake lenileni. "Sindili bwino" si dzina. Manyazi, nsanje, kusungulumwa, mkwiyo, amenewo ndiwo maina. Pomaliza lembani kanthu kamodzi kakang'ono kamene muchite sabata imeneyo, monga kuimbira foni munthu amene mwakhala mukumuzemba, n'kutseka kope.

Pali makadi ena amene ndaona akutsegula nkhani zakuya. La ndodo khumi lili ndi munthu wosenza mtolo umene wamutseka kumaso, ndipo limafunsa kuti mwa ndodo zonsezi, zanu zenizeni ndi zingati. La malupanga asanu ndi limodzi lili ndi bwato, wopalasa, munthu wofunda nsalu ndi mwana, malupanga atazikika m'bwato momwemo: akuchoka, koma zowawa akupita nazo. La Mphamvu limaonetsa mayi atagwira kukamwa kwa mkango modekha, wopanda mkondo, ndipo limathandiza anthu amene amaopa mkwiyo wawo. La malupanga asanu ndi atatu lili ndi mayi womangidwa kumaso ndi m'manja, malupanga atamuzinga, koma miyendo yake ili yomasuka. Limeneli ndimaligwiritsa ntchito mosamala. Kwa munthu womangidwa ndi maganizo ake okha, kuona miyendo ija kumamudzutsa. Koma kwa amene akuchitiridwa nkhanza, kapena alibe ndalama ndi kolowera, kumuuza kuti ndende yake ili m'mutu mwake n'kumunyoza. Zomangira zina ndi zenizeni, ndipo zimafuna anthu, malamulo ndi thandizo, osati kusinkhasinkha.

Za chikumbumtima chanu sindizipeputsa. Deuteronomo 18:10-12 amaletsa kuombeza, Katekisimu wa Mpingo wa Katolika pa ndime 2116 amakana mitundu yonse ya kuombeza, ndipo Chisilamu nachonso chimaletsa. Kuyang'ana chithunzi n'kudzifunsa za mumtima mwanu n'kosiyana ndi kufunsa chithunzicho za m'tsogolo, ndipo ndikuganiza kuti inu nomwe munamva pamene munawoloka malirewo. Okhulupirira ena amakhutira ndi kusiyanitsa kumeneku, ena ayi, ndipo si ine woweruza pakati pawo. Kambiranani ndi mtsogoleri wa chipembedzo chanu amene mumamukhulupirira. Ngati mtima sukukhazikikabe, asiyeni makadiwo, simutaya kanthu. Chida chimene chikukuwonjezerani kudziimba mlandu sichingakuchiritseni bala la kudziimba mlandu. Zonse ndafotokozazi zimatheka ndi zojambula za amisiri ena, zithunzi zodula m'magazini, ngakhale zithunzi zanu zakale. Ngati ndinu Mkhristu, Masalimo a madandaulo amagwira ntchito yomweyi. Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kuthera mumdima, popanda kukakamiza wolirayo kumwetulira.

Pali pamene zithunzi ndi kope sizikwanira. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zimene munkakonda sizikukomaninso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera, mukudziona wopanda pake, kapena ntchito ndi kusamalira ana zikukukanikani, pitani kuchipatala kapena kwa mlangizi wophunzira ntchitoyi. Kukhumudwa kotere ndi matenda, ndipo kumachizika ndi uphungu, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala. Ngati m'banja muja munali nkhanza ndipo zithunzi zikukubweretserani zochitikazo ngati zikuchitika pompano, mtima kugunda, thukuta, maloto oopsa, musafukule nokha, pafunika wina wokhala nanu pafupi. Mukayamba kumwa mowa kapena mapiritsi kuti mugone, kapena kumva ngati makadi akukulankhulani ndi kukutumizirani mauthenga paliponse, onanani ndi dokotala mwachangu. Ndipo maganizo ofuna kudzipha kapena kudzivulaza akabwera, ngakhale kamodzi, uzani munthu amene mumamudalira tsiku lomwelo ndipo pitani naye kuchipatala. Musadikire kuti kuche.

Ngakhale zonsezi palibe, ndikanakonda mutapeza munthu mmodzi, mchemwali wanu kapena mnzanu wapamtima, woti mumuwerengereko zina za m'kope lanu. Mwalira pamaso pa pepala, ndipo ndi chiyambi chabwino, koma pepala silingakugwireni paphewa.

Funso lija la bambo a ana anu musalitaye. Lilembeni pamwamba pa tsamba loyera, ndipo pansi pake mulembe lina: "Nditamva kuti amandiganizira, chingasinthe n'chiyani?" Anthu amene ndawafunsapo zotere amayankha mosiyana. Wina amapeza kuti akufunadi kubwererana, ndipo zikatero wofunika kulankhula naye ndi munthuyo. Wina amapeza kuti mwamunayo samufunanso, chimene akufuna n'kumva kuti zaka zonse zija sizinapite pachabe, kapena kumva mawu akuti "ndinakulakwira". Yankho lanu mulilembe masana, muli ndi nthawi yokwanira, ndipo tsambalo mudzapite nalo kwa mlangizi tsiku loyamba kukumana naye.